Majisitireti wa ku Mzuzu apatsidwe dokotala pambali pake

Milandu yambiri imene imafika pamaso pa majisitireti Lolemba m'mawa si ya mfuti kapena ya mamiliyoni a boma. Ndi ya mnyamata amene anapezeka ndi mpukutu wa chamba pa depoti, bambo amene anaswa mawindo a nyumba ya lendi ku Chibavi kachasu atamukwera m'mutu, amayi awiri amene anatukwanizana pa mpopi mpaka kung'ambirana zovala, wina amene anatola foni ya mwini ku Zigwagwa. Amalowa awiriawiri pa unyolo umodzi, ena opanda nsapato, maso ali psuu ndi tulo ta m'chitokosi. Mlandu umawerengedwa m'Chingerezi, womasulira n'kuutembenuzira m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, munthu n'kuyankha kuti “ndikuvomera, bwana,” nthawi zina asanamvetse n'komwe ndime imene akumuzengera. Akungofuna zithe. Mphindi zochepa chigamulo chatuluka: chindapusa, akalephera akaseweze miyezi ingapo. Ndalamayo alibe, ndiye dzuwa likamalowa ali kundende.

Ikatha miyeziyo ambiri amabweranso pa benchi yomweyo, ndipo apolisi amayamba kuwatchula kuti akabwerebwere. Majisitireti si wakhungu. Amaona manja a munthu akunjenjemera chifukwa wagona masiku awiri osalawa mowa. Amamva woimbidwa mlandu akuyankha mafunso amene palibe wamufunsa. Koma zimene lamulo linamuikira pa tebulo n'zowerengeka: chindapusa, ndende, chilango choimika, kapena ntchito yothandiza anthu yopanda malipiro. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimachiza uchidakwa kapena matenda a maganizo. Ine ndikuti Mzuzu akhale ndi tsiku limodzi pa sabata lozenga milandu ing'onoing'ono, m'chipinda choyandikana muli dokotala wa matenda a maganizo, mlangizi wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi wothandiza pa za malamulo, ndipo thandizo liziyamba tsiku lomwelo munthu asanatuluke pa geti.

Nzeruyi sinayambire kuno. Ku New York anatsegula khoti lotere ku Midtown mu 1993, lozenga milandu ya mumsewu monga kuba m'masitolo, kukwera sitima osalipira ndi kulembalemba m'makoma. Mu 2000 anatsegula lina ku Red Hook, dera la ku Brooklyn limene linali litasakazika ndi mankhwala ozunguza bongo. Kumeneko, mu 1992, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale anafa ndi chipolopolo cha magulu owomberana akufunafuna mwana amene anachoka pasukulu atakangana ndi mnzake. Khotilo analiika m'nyumba imene kale inali sukulu ya Akatolika. Woweruza ndi mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku, ndipo amamva milandu ya upandu, ya m'banja ndi ya nyumba, poti kawirikawiri zitatuzi zimachokera khomo limodzi. Mpando wake anautsitsa dala kuti aziyang'anana maso ndi maso ndi woimbidwa mlandu. M'nyumba momwemo muli aphungu, oyeza za mankhwala ozunguza bongo ndi makalasi a anthu amene anasiyira sukulu panjira.

Kafukufuku wa bungwe la National Center for State Courts amene anatuluka mu 2013 anapeza kuti mwayi woti wamkulu wodutsa ku Red Hook apalamulenso unali wotsika ndi 10 peresenti poyerekeza ndi wozengedwa m'khoti wamba, ndipo kwa achinyamata unatsika ndi 20 peresenti. Si zozizwitsa, koma n'zooneka. Chimene chimandikhudza kwambiri mu kafukufukuyo n'chakuti ofufuzawo anaona kuti chachikulu chimene chinasintha anthu ndi kumva kuti khoti lawamvetsera ndipo lawachitira mwachilungamo. Chimenecho sichilira bajeti.

Koma asatinamize wina kuti kulikonse kumene anayesa zinayenda. A ku England anatengera Red Hook n'kutsegula khoti lawo kumpoto kwa Liverpool mu 2005. Kafukufuku wa unduna wawo wa za chilungamo wa mu 2012 sanapeze umboni woti anthu odutsa kumeneko ankapalamulanso mochepa kuposa ena, milandu yobwera inkachepa pamene ndalama zoyendetsera nyumbayo zinali zambiri, ndipo mu 2014 anatseka. La ku Melbourne ku Australia la mu 2007 ndi la ku Vancouver ku Canada la mu 2008 anapitirira. Phunziro la Liverpool kwa ife ndi losavuta: wina akangoyamba kunena za kumanga chinyumba chatsopano ndi kugula magalimoto a pulojekiti, timuimitse pomwepo.

Mzuzu safunika chinyumba chifukwa zambiri zili kale pano, zangomwazikana. Mzindawu ndi waung'ono, kalembera wa 2018 anapeza anthu ongopitirira 220,000, ndipo munthu wochokera ku Mchengautuwa, ku Zolozolo kapena ku Luwinga amafika m'tauni m'mawa womwewo. Abale a St John of God akhala ali muno kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ali ndi chipatala chogonekera odwala matenda a maganizo, malo othandizira amene akodwa ndi mowa ndi chamba, ndiponso koleji imene imaphunzitsa madokotala, anamwino ndi aphungu a matendawa. Maboma ambiri m'dziko muno amadalira chipatala cha ku Zomba, chimene kwa ife ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Ife akatswiri tili nawo pakhomo. Chipatala cha Mzuzu Central chakhala chikugwira ntchito kuyambira 2000. A bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) akhala akulowa m'ndende kuthandiza akaidi pa za malamulo kuyambira chaka chomwecho, ndipo majisitireti athu anazolowera kale kukakhalira khoti m'ndende momwemo kuti aone amene akhalitsa pa rimandi.

Ndiponso mfundo yoika ogwira ntchito zosiyana pa denga limodzi si yachilendo kwa boma lathu. Malo a Chikwanekwane m'zipatala zikuluzikulu anakhazikitsidwa kuti mwana kapena mayi wogwiriridwa apeze dokotala, wapolisi, wa chisamaliro cha anthu ndi phungu pamalo amodzi, m'malo moyenda maofesi anayi akubwereza nkhani yomuwawa. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 linabweretsa makhoti a ana, ndipo limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono apatutsidwe asafike ku chilango. Tinavomereza kale kuti kwa wolakwiridwa ndi kwa mwana, chilungamo chokha popanda thandizo n'choperewera. Kodi mnyamata akangokwanitsa zaka 18 ndiye kuti chamba chasiya kumuwononga mutu?

Ena anena kuti palibe chatsopano apa, poti majisitireti atha kale kulamula kuti munthu akapimidwe kuchipatala kapena kumulangiza kuti akaonane ndi aphungu. N'zoona. Koma tatiyeni timutsatire munthuyo akatuluka. Kalata ija waipinda kanayi n'kuiika m'thumba la kumbuyo. Watuluka m'chitokosi alibe ngakhale ya kabaza, m'mimba muli zii, ndipo thupi lonse likuitana chinthu chimodzi. Pakati pa khoti ndi chipatala pali nyumba zotcheza kachasu zimene zimamudziwa dzina ndipo zingamukongoze. Mawa kugwa mvula ya Mzuzu ija yosadziwa kusiya. Mkuja wapeza ganyu yosenza mchenga, ndipo sangaisiye kuti akakhale pa mzere. Kalatayo imadzapezeka itachapidwa limodzi ndi buluku. Palibe amene amadziwa kuti sanapite, chifukwa khoti linatseka fayilo ndipo chipatala sichinamvepo za iye. Apa ndi pamene anthu amatayikira, ndipo khoti limene ndikunenali ntchito yake yaikulu ndi kutseka mpata umenewu. Dokotala amuone m'mawa womwewo mlandu usanalowe, alembe m'kabuku ka kuchipatala, majisitireti agamule akudziwa amene waima pamaso pake, ndipo munthuyo abwerenso pakatha sabata ziwiri kudzafotokozera majisitireti yemweyo mmene zikuyendera.

Pali mlandu umodzi umene paokha ukanakwana kutsimikiza nkhaniyi. Buku lathu la milandu, Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1930 nthawi ya atsamunda, ndipo ndime 229 inalembedwa kuti munthu woyesa kudzipha wapalamula. Eni ake a lamulolo ku England anachotsa mlandu umenewu mu 1961. Ife tinausunga kwa zaka zambiri, ndipo takhala tikumva pa wailesi za anthu amene anapulumutsidwa pa chingwe kapena atamwa tameki, kenako n'kuthidwa unyolo. Munthu amene ngongole kapena banja lamufikitsa pamenepo, kumutsekera m'chipinda chodzaza anthu osawadziwa n'kumuthandiza chiyani? Achibale akaona zimenezi amaphunzira kubisa, ndipo wotsatira safika n'komwe kuchipatala. Mlandu wotere malo ake si m'buku la milandu. Koma tsiku lililonse limene munthu wotere wafika m'manja mwa apolisi, woyamba kulankhula naye akhale phungu.

Tisaiwalenso kumene timawatumiza. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zadutsa, malipoti a oyendera ndende akhala akubwereza nyimbo yomweyo, ndipo ndende ya Mzuzu ili m'gulu la zodzaza. Akaidi ena amagona chokhala, mzere ndi mzere, wina pakati pa miyendo ya mnzake. M'malo otere chifuwa chachikulu ndi mphere sizichedwa. Wa ma ARV amene wamangidwa Lachisanu usiku kabuku kake katsala kunyumba atha kudumphitsa mankhwala masiku angapo. Kunyumbako lendi yaima, ana asiya sukulu, mkazi wabwerera kwawo ku Rumphi. Bambo uja anaswa mawindo awiri, koma olipira ndi banja lonse pamodzi ndi ife okhoma msonkho amene tikumudyetsa mgaiwa. Mwini nyumba uja mawindo ake akadali oswekabe.

Ndafika pa wolakwiridwa, ndipo apa sindikufuna kuthamanga. Mayi wogulitsa tomato amene waberedwa foni atha kufunsa kuti, “Inu akuluakulu, wakuba mwamupezera dokotala, nanga ine mwandipezera chiyani?” Funsoli ndi lolemera, ndipo likapanda kuyankhidwa anthu amatenga lamulo m'manja mwawo. Tonse tikudziwa zimene zimachitika wakuba akagwidwa pamsika apolisi asanafike. Ndiye khoti limeneli lisakhale lomvera chisoni wolakwa yekha. Mayiyo aitanidwe, alankhule, ndipo chigamulo chiyambe ndi kubweza: foni ibwere kapena mtengo wake ulipidwe pang'onopang'ono, khoti likuyang'anira. Ntchito yothandiza anthu izigwiridwa kudera kumene mlandu unachitikira, anthu aziona ndi maso munthu akukumba ngalande ya ku Chiputula kapena akusesa pa chipatala cha Mapale. Wothawa ntchitoyo kapena wozemba tsiku la khoti amangidwe ndithu. Ku Red Hook nako amatero: ndende siinachoke, anangoiika kumapeto m'malo moyambira nayo. Kwa chidakwa, kudzuka m'mawa uliwonse kukagwira ntchito, kupita kwa phungu ndi kuonekera kwa majisitireti ndi chilango chovuta kuposa kungokhala m'selo kudikira tsiku lotuluka.

Milandu ina isayandikire n'komwe pakhomo limeneli. Kugwiririra, kugona ndi ana, kuba moopseza ndi zida, kumenya mkazi mpaka kumuvulaza, zonsezi zizipita njira yake ya nthawi zonse. Tikudziwa mmene achibale ndi ankhoswe amamuunjikira mayi kuti “ingothetsani mlanduwu, ana adya chiyani?” Khoti loyanjanitsa likatsegulira nkhani zotere lingasanduke malo omalizira chikakamizocho.

Mantha ena ndi a mbiri yathu, ndipo kuno kumpoto safuna kufotokozera kwambiri. Mawu akuti khoti la anthu a m'dera amakumbutsa makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu, amene kuyambira 1969 anapatsidwa mphamvu zozenga ngakhale milandu yakupha, woimbidwa mlandu osaloledwa loya, apilo osapita ku khoti lalikulu. Ndi khoti lotere limene mu 1983 linagamula kuti Orton Chirwa, mwana wa ku Nkhata Bay konkuno, ndi mkazi wake Vera aphedwe, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. N'chifukwa chake nyumba ya malamulo itavomereza lamulo la makhoti a m'madera mu 2011 anthu ambiri anakwenya, ndipo zaka zinadutsa makhotiwo osatsegulidwa. Chimene ndikupemphachi n'chosiyana. Woweruza ndi majisitireti wa boma, wotsata malamulo omwewo, chigamulo chake chotheka kuchitidwa apilo ku khoti lalikulu la pano pa Mzuzu. Mafumu, mabuloko lida, abusa ndi mashehe atha kukhala pa komiti yolangiza za mavuto a m'dera ndi ntchito zimene olakwa angagwire, koma asaweruze munthu, ndipo asamve za matenda ake. Zimene wodwala wauza dokotala zitsale kwa dokotala. Majisitireti angouzidwa zofunika pa chigamulo, ndipo zisawerengedwe mokweza benchi yonse ikumva, chifukwa Mzuzu ndi mudzi, nkhani ya m'mawa imafika ku Katawa nsima ya masana isanapse.

Choopsa chenicheni kwa ine chili kwina. Khoti likakhala lofewa m'maonekedwe, n'kosavuta kuti apolisi ayambe kumanga anthu ambiri ponena kuti “akukathandizidwa.” Tinakhala zaka zambiri ndi vakabu, mpaka mu Januwale 2017 pamene khoti lalikulu linathetsa ndime 184(1)(c) pa mlandu wa wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yake. Sitikufuna vakabu abwerere atavala gauni ya chipatala. Woyendayenda m'tauni akulankhula yekha sanapalamule mlandu, ndipo mwana wogona pa khonde la sitolo sanapalamule mlandu. Choncho chipinda cha dokotala ndi phungu chija chikhale chotsegukira aliyense, ngakhale amene sanamangidwe. Mayi amene mwana wake wayamba kugulitsa ziwiya za m'nyumba kuti apeze ya chamba athe kubwera naye yekha, asachite kudikira kuti abe kaye kwa aneba. Zingakhale zamanyazi kuti njira yachidule yoonanira ndi dokotala wa maganizo mu Mzuzu ikhale kuswa windo. Ndipo amene akuti sanalakwe asanyengereredwe kuvomera pofuna thandizo. Wothandiza pa za malamulo, kaya wa PASI kaya wa Legal Aid Bureau, amufotokozere m'chinenero chake asanatsegule pakamwa, ndipo akakana mlandu uzengedwe monga mwa nthawi zonse, umboni ubwere.

Za ndalama sindinama kuti n'zaulere. Alangizi a chisamaliro cha anthu ndi ochepa kwambiri, ndipo amene alipo asenza kale milandu ya ana, mikangano ya mabanja ndi mtukula pakhomo. Mankhwala a matenda a maganizo amasowa m'zipatala. Khoti likalamula munthu kuti akagonekedwe koma bedi palibe, kapena pakufunika ndalama imene iye alibe, ndiye kuti tamutchera msampha: alephera chigamulo chimene sakanatha kuchikwaniritsa, kenako timumanga chifukwa cholephera. Lamulo loyamba la khotili likhale lakuti majisitireti asagamule thandizo limene palibe. Boma lili kale ndi mapangano olipira zipatala za mishoni za CHAM kuti anthu alandire chithandizo china mwaulere, makamaka amayi oyembekezera ndi ana. Njira yomweyo ingagwire pa anthu otumizidwa ndi khoti, ndipo ndalama yake tiziiyerekeza ndi imene timawononga kale posunga munthu yemweyo m'ndende kawiri pa chaka. Chimene ndikukana ndi pulojekiti ya zaka zitatu ya abwenzi akunja, yoyamba ndi maphunziro a ku nyanja ndi ma alawansi, imene imafa tsiku limene galimoto yabwezedwa. Ziyambe ndi zimene zilipo: chipinda chimodzi, tebulo, tsiku lodziwika, ndi pangano lolembedwa pakati pa khoti, apolisi, chipatala, ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi khonsolo ya mzinda.

Padzakhala ogwa. Munthu amene wamwa kachasu zaka khumi sasiya chifukwa majisitireti walankhula naye mwaulemu, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi zidakwa adzakuuzani kuti kubwerera ku botolo pa sabata yachitatu n'kofala. Khoti liyenera kusiyanitsa amene waterereka koma wabwera yekha pa tsiku lake n'kuulula, ndi amene wasowa osaonekanso kapena wakabanso. Woyambayo awonjezeredwe masiku oonekera, wachiwiriyo alandire chilango chimene chinaimikidwa. Izi zimatheka pokhapokha majisitireti akhale yemweyo kwa nthawi yaitali, wodziwa nkhope ndi mbiri, osati wosinthidwa miyezi itatu iliyonse.

Ndipo kuyambira tsiku loyamba pakhale kaundula: angati alowa, angati amaliza, angati abweza katundu wa eni, angati amangidwanso pasanathe chaka, poyerekeza ndi anzawo a milandu yofanana amene anadutsa njira yakale. Ophunzira ndi aphunzitsi a pa Mzuni kapena a pa koleji ya St John of God atha kugwira ntchito yowerengayi, osati eni khoti okha. Ziwerengerozo zizimatidwa pa bolodi la khoti ndi kuwerengedwa pa msonkhano wa makhansala. Zikadzaonetsa patatha zaka ziwiri kuti palibe chasintha, titseke monga anachitira a ku Liverpool, ndipo tidzakhala titataya tsiku limodzi pa sabata, osati chinyumba.